Kuyambitsa gulu la amayi ophika ndi kugulitsa chakudya ku Zomba: poyambira ndi pati?

Amayi omwe ndakhala nawo pamphasa ku Chikanda, ku Chinamwali ndi ku Mpondabwino safunikira munthu wowaphunzitsa kuphika nsima. Anagwira mthiko asanathe n'komwe msinkhu. Ena ndi amasiye, ena anathawa nkhanza kubanja, ena akulera zidzukulu popanda wowagwira dzanja, koma onsewo nkhwani wotendera amamudziwa bwino kuposa amene timabwera ndi mapepala kudzawaphunzitsa. Chimene chimawasowa ndi china: kuphika chakudya chofanana dzulo, lero ndi mawa, kudziwa mtengo weniweni wa mbale imodzi, kupeza wogula wokhazikika, ndi kuteteza mpamba kuti usathere pa mavuto a pakhomo. Malangizo awa ndalembera inu amene mukufuna kusonkhanitsa amayi otere, kaya kudzera ku Mvano, ku Dorika, ku bungwe la amayi a Chikatolika, ku mzikiti kapena ku banki m'khonde ya kwanuko.

Yambani ndi wodya, mphika ubwere pambuyo

Musagule poto ngakhale mmodzi musanadziwe amene adzadye. Tengani sabata yathunthu mukuyenda mu tauni nthawi ya nkhomaliro, maso ali tcheru. Zomba ndi mzinda wa maofesi ndi masukulu. Likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975, Nyumba ya Malamulo nayo inatsatira pambuyo pake, koma kuno kunatsala anthu ambiri olandira malipiro pamwezi: a ku MANEB, a ku National Statistical Office, a ku makhoti, apolisi, asilikali a ku Cobbe Barracks, ogwira ntchito ku Zomba Central Hospital, komanso aphunzitsi ndi ophunzira a ku yunivesite ya Malawi ku Chirunga. Onjezani apo akabaza, amakanika, amisiri omanga nyumba ndi odikirira odwala kuchipatala. Onsewa 12 koloko ikakwana amafuna chakudya, koma safuna chakudya chimodzimodzi, ndipo matumba awo ndi osiyana.

Funsani mafunso achindunji. Mumadya kuti? Mumalipira zingati? Chimakunyansani n'chiyani kumeneko? Mudzamva ena akudandaula za ndiwo zamadzimadzi, ena za ntchentche, ena za kuchedwa. Madandaulo amenewo ndiye msika wanu.

Chenjezo limodzi lokhudza ophunzira a kuyunivesite. Ndi ambiri, ambiri a iwo amachita lendi ku Chikanda, ndipo amagula tsiku ndi tsiku. Koma sukulu ikatsekera, derali limangoti zii, malonda n'kuima. Gulu lodalira ophunzira okha limagwa pa holide yoyamba. Khalani ndi miyendo iwiri: ophunzira mbali ina, ogwira ntchito kapena maphwando mbali inayo.

Kusankha amayi

Apa ndi pomwe mitima imapweteka, chifukwa ovutika ndi ambiri kuposa malo omwe muli nawo. Langizo langa ndi lakuti muyambe ndi amayi 8 kapena 10. Mukapitirira apo phindu limagawika mpaka aliyense kupita kwawo ndi ndalama yongokwana mchere, ndipo anthu amagwa ulesi. Pemphani amfumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti ndiponso alangizi a zachitukuko kuti akuthandizeni mayina, koma musalandire mndandanda osaufufuza. Pitani nokha pakhomo lililonse. Mndandanda wongolembedwa pamsonkhano umadzaza ndi abale a olembawo.

Sankhani okhala moyandikana, oti atha kufika pamalo ophikira wapansi m'mamawa. Muwafunse za ana: wakhanda adzatsala ndi ndani? Ngati yankho palibe, gulu lenilenilo likonze. Ife tinkasinthana, mayi mmodzi tsiku lililonse amakhala ndi ana onse pakhonde, kutali ndi moto ndi mafuta otentha, ndipo tsiku limenelo linkawerengedwa ngati wagwira ntchito yonse. Popanda zimenezi amene amasiya msanga ndi amayi aang'ono aja, omwe ndi amene amafunikira gululi kwambiri.

Wosadziwa kulemba ndi kuwerenga musamusiye. Muyezo wa kapu, supuni ndi ndowa aliyense amautha. Sukulu ya kwacha adzapita gulu litayamba kuyenda.

Zoti aphunzire, ndi momwe zitsatanirane

Masabata 6 mpaka 8 amakwana, m'mawa mokha, kuti masana akaone zakunyumba. Pezani munthu mmodzi amene anaphikapo ku hotela, kusukulu yogonera konko kapena pa maphwando akuluakulu. Ku Zomba anthu otere alipo ambiri, ena anapuma ntchito. Ngati mukufuna kuti maphunzirowo adzakhale ndi setifiketi yodziwika, kafunseni ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, musanayambe, osati mutamaliza.

Sabata yoyamba yonse ikhale ya ukhondo, ndipo musaifupikitse ngakhale amayi atanena kuti amazidziwa kale. Tonse tikukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka makhonsolo ena analetsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu. Munthu mmodzi akatsegula m'mimba atadya kwa inu, mbiri imayenda msanga kuposa kabaza, ndipo simudzaibwezanso. Itanani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu adzaphunzitse, ndi ntchito yake.

Zofunika kuti zilowe m'magazi ndi izi. Kusamba m'manja ndi sopo pa madzi oyenda, kaya pa ndowa ya mpopi kapena pa mpondagiya, osati m'beseni limodzi lomwe aliyense waviikamo. Madzi akumwa, otsukira masamba a kachumbari ndi osungunulira thobwa akhale owiritsa kapena othira klorini. Nyama ndi nsomba zaziwisi zikhale ndi mpeni ndi thabwa lake, zisakumane ndi zakupsa. Nkhuku ipse mpaka pafupa, pasaoneke kofiira. Chakudya chakupsa chisakhale poyera maola oposa awiri. Ngati sichinagulidwe chikhale pamoto chikutentha. Mpunga wotsala dzulo ndi woopsa kuposa momwe ambiri amaganizira, ndipo kuutenthetsanso sikuchotsa poizoni yense, choncho phikani wokwana tsikulo. Mbale ziume pa thandala padzuwa, osapukuta ndi kansalu kamodzi kamene kapukuta chilichonse. Mpango kumutu, epuloni yochapa, zikhadabo zowenga. Wogwira ndalama asagwire chakudya. Amene akutsegula m'mimba kapena ali ndi bala pa dzanja apume, ndipo asadulidwe malipiro, apo ayi adzabisa matendawo.

Kenako muyezo. Apa ndi pomwe kuphika kwa pakhomo kumasiyana ndi kuphika kwa malonda. Kunyumba timathira mchere ndi maso, mafuta ndi mtima. Pamalonda kasitomala amene wakonda nyemba zanu Lolemba akufuna nyemba zomwezo Lachinayi, ngakhale wophika akhale wina. Choncho chakudya chilichonse chikhale ndi kaphikidwe kamodzi kolembedwa, kapena kojambulidwa pa pepala lalikulu lomatidwa kukhoma: makapu angati a nyemba, tomato angati, anyezi angati, mafuta masupuni angati. Gulani sikelo yaing'ono. Sankhani chipande chimodzi cha nsima ndi chikombe chimodzi cha ndiwo, zisasinthe. Amayi amakana poyamba, amaona ngati mukunyoza luso lawo. Ine ndinawapempha aphike mandasi pa ufa wofanana, gulu lina ndi muyezo, lina mwachizolowezi, kenako tinawerenga mandasiwo pamodzi. Mtsutso unathera pomwepo.

Zakudya zoyambira zikhale zochepa. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Nsima ndi mpunga, ndiwo zitatu, masamba amodzi, ndi zokazinga za m'mawa monga mandasi kapena zitumbuwa. Makeke ndi zina zofuna uvuni zidikire. Ndaona magulu akuthera mwezi wonse akuphunzira keke ya ukwati pomwe palibe ndi mmodzi yemwe amene ali ndi uvuni, magetsi nawonso osadalirika. Chigumu chimapsa bwinobwino m'poto, makala pansi ndi pamwamba pa chivundikiro, ndipo chimagulidwa.

Musachite manyazi ndi zakudya zathu. Ogwira ntchito m'maofesi ambiri anatopa ndi chipisi ndi nkhuku zachizungu. Chigwada chotendera, therere, nandolo, matemba othira nsinjiro, futali, nkhuku ya lokolo, nsima ya mgaiwa kwa amene adokotala anawaletsa ufa woyera: zimenezi ndi zomwe amayi anu amaposa nazo malesitilanti a m'tauni. Kumbukiraninso kuti Zomba ili ndi Asilamu ambiri. Gulani nyama yochinjidwa mwachisilamu, nkhumba musaiyandikize n'komwe ku miphika ya gulu, ndipo auzeni makasitomala zimenezi. Mukatero mwatsegulira khomo anthu ochuluka popanda kuonjezera kwacha imodzi.

Kuwerengera mtengo wa mbale imodzi

Ngati pali phunziro loti mulibwereze sabata iliyonse mpaka gulu litakhwima, ndi ili. Mageni ambiri a amayi amafa ali ndi makasitomala ochuluka. Ndalama imalowa m'manja tsiku lonse, mwini wake n'kumaona ngati zikuyenda, chonsecho akudya mpamba pang'onopang'ono.

Khalani pansi ndi kope, lembani chilichonse chomwe chalowa mu chakudya cha tsikulo. Ufa, ndiwo, tomato ndi mafuta aliyense amazikumbukira. Zoiwalika ndi izi: nkhuni kapena makala, madzi, sopo, mchere, chigayo, kabaza wopita kumsika ndi wokapereka chakudya, chiphaso cha pamsika, lendi ya malo yogawidwa pa masiku a mwezi, mayunitsi a foni, mbale zosweka, ndi chakudya chomwe ophikawo adya. Pomaliza, chimene amayi athu salemba n'komwe: thukuta lawo. Malipiro a wophika ndi gawo la mtengo wa mbale, si zotsala.

Tiyerekeze kuti zonsezi pamodzi zakwana K60,000 ndipo mwapakula mbale 30. Ndiye kuti mbale imodzi yakudyerani K2,000. Mukagulitsa pa K2,000 pomwepo simunapindule kanthu, mwangotopa. Ndipo si mbale zonse zomwe zidzagulidwe. Zitatu zikatsala, mtengo wa zinazo wakwera kale. Ikani phindu pamwamba, kenako yerekezani ndi mitengo ya anzanu omwe munawaona sabata yoyendera ija. Ngati mtengo wanu wapitirira wawo, musathamangire kutsitsa. Onani kaye kumene mukuononga: mwina chipande chakula, mwina mukugula tomato wa pamulu m'malo mopikula, mwina mafuta akuchuluka.

Mawerengedwe amenewa si a kamodzi. Kwacha inagwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo aliyense anaona zomwe zinachitikira mtengo wa mafuta ophikira, shuga ndi ufa wa tirigu. Amene anachita mantha kukweza mtengo poopa kuthawitsa makasitomala anatseka. Kwezani pang'ono, nenani chifukwa chake poyera. Anthu amagula pamsika womwewo, amamvetsa.

Kogula zinthu

Pa nkhani iyi Zomba ndi yodala. Mpunga umalimidwa ku zigwa za nyanja ya Chilwa, m'masikimu monga a Likangala ndi Domasi. Matemba ndi milamba zimachokera ku Kachulu, ngakhale nyanjayi ili ndi khalidwe louma zaka zina, monga zinachitikira mu 1995 ndi 2018, ndiye nsomba zake musaziike pamtima ngati ndiwo yokhayo. Kuphiri kumatsika mbatata ya kachewere, masitiroberi ndi zipatso zina. Misika ya ku Thondwe, Songani, Jali ndi Mayaka imatchipa kuposa ya m'tauni mukapita tsiku la msika, bola muwerengere thiransipoti. Pezani alimi awiri kapena atatu oti muzigula kwa iwo nthawi zonse, makamaka amayi anzanu a kudimba.

Chimanga, nyemba, nandolo ndi mtedza gulani nthawi yokolola, musunge m'matumba osalowa mpweya aja. Kugula chimanga mu January kapena February ndi kudzipha. Mtedza sankhani bwino, wowola ndi wachuku tayani, chifukwa chuku chimenechi chili ndi poizoni woononga chiwindi ndipo sathera pamoto. Masamba akachuluka dzinja, pangani mfutso.

Za moto ndinene mosabisa. Aliyense amene wakhala ku Zomba zaka zambiri akuona momwe phiri lathu layerera, ndipo madzi omwe timamwa amachokera kudamu la Mulunguzi pamwamba pomwepo. Gulu lophikira anthu 30 tsiku lililonse limadya nkhuni zambiri. Gwiritsani mbaula ya chitetezo kapena mangani chitofu cha njerwa ndi dothi. Nyemba ziviikeni usiku, zimapsa msanga. Vundikirani miphika. Zimenezi zimapulumutsa mitengo, ndiponso ndalama zanu, ndi zifuwa za ophika.

Ndalama zigawidwe patatu

Madzulo alionse ndalama ziwerengedwe pamaso pa anthu osachepera atatu, zilembedwe m'kope, n'kugawidwa. Gawo loyamba ndi mpamba wa mawa, ndipo palibe woukhudza ngakhale kugwe maliro. Gawo lachiwiri ndi malipiro a omwe agwira ntchito. Lachitatu ndi thumba la gulu, logulira ziwiya, kulipirira ziphaso ndi kudzaphunzitsira amayi ena.

Malipiro aziperekedwa sabata iliyonse kuyambira sabata yoyamba ya malonda, ngakhale atachepa bwanji. Pa ichi sindisintha maganizo. Mayi amene ana ake agona ndi njala sangadikire phindu la kumapeto a chaka. Adzapita kukachapa kwa anthu kapena kukaswa miyala, ndipo simungamudzudzule. Kumuuza kuti adzipereke kaye mwaulere chifukwa ndi gulu lachitukuko ndi kumudyera masuku pamutu.

Mavuto a pakhomo adzabwera ndithu, matenda, fizi, lendi. Akonzereni njira yawoyawo: banki m'khonde ya gulu lomwelo, yokhala ndi bokosi lake la maloko atatu ndi kathumba ka zadzidzidzi, yosiyana ndi ndalama za malonda. Ikakula mutha kufunsa a COMSIP, bungwe lothandiza magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama, za kayendetsedwe kake. Ndalama za malonda zisagone m'nyumba ya msungichuma. Ikani pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo zikayamba kuchuluka tsegulani akaunti ya kubanki yosainira anthu awiri kapena atatu.

Mpamba woyambira usakhale wa katapira. Ngakhale ngongole ya ku mabungwe obwereketsa ndalama, ine ndimati idikire mpaka mutagulitsa miyezi itatu ndi kudziwa zomwe mumapeza pa tsiku. Yambani ndi miphika yobwereka ndi zopereka zanu. Wakufuna kwabwino akapezeka, mupempheni ziwiya, osati ndalama yogawana.

Nkhani ya ngongole za makasitomala inatipweteka ife, ndiye ndiifotokoze. Tinaphikira msonkhano wa masiku atatu ku ofesi ina, anthu ambiri ndithu, pongomva pakamwa kuti cheke chituluka sabata yamawa. Tinathira mpamba wonse pamenepo. Ndalamayo inabwera patapita miyezi, ndipo nthawi yonseyo moto sunayake, amayi awiri anabwerera ku maganyu osabweranso. Kuyambira pamenepo lamulo lathu ndi ili: oda yaikulu, kaya ya msonkhano, ukwati kapena chinkhoswe, theka la ndalama patsogolo, mgwirizano ulembedwe, asaine. Kwa odya tsiku ndi tsiku amene amalipira pakutha pa mwezi, khalani ndi kope la ngongole lokhala ndi malire, ndipo amene sanalipire mwezi watha asayambe watsopano. Wolankhula ndi makasitomala pa za ndalama akhale mayi wolimba mtima, wosachita manyazi pamaso pa mabwana a mataye.

Mapepala

Pitani ku khonsolo ya mzinda wa Zomba, kapena ya boma ngati muli kunja kwa tauni, mukafunse za chiphaso cha malonda ndi za kuyezedwa kuchipatala kwa ogwira chakudya. Pitani nokha asanakupezeni. A zaumoyo akabwera kudzayendera malo, alandireni ngati alangizi. Mukadzayamba kuika zinthu m'mabotolo kapena m'mapaketi, monga chiponde, jamu wa masitiroberi kapena ufa wa phala, pamenepo mufunika a Malawi Bureau of Standards, bungwe loyeza ubwino wa katundu. Maofesi ndi mabungwe akuluakulu amafuna dzina lolembetsedwa, nambala ya msonkho ya ku MRA ndi akaunti ya kubanki. Zimenezi zichiteni pamene oda zotere zayamba kuoneka.

Pepala lofunika kuposa onsewa mulemba nokha: malamulo a gulu. Wochedwa atani, wojomba atani, wofuna kutuluka atenga chiyani, ziwiya ndi za ndani, atsogoleri asinthidwa liti. Lembani mukadali pa chikondi, mkangano usanabuke. Amfumu kapena mtsogoleri wa mpingo akhale mboni.

Zakunyumba

Mayi akayamba kubwera ndi ndalama, si nyumba zonse zomwe zimasangalala. Alipo abambo amene amadikira pakhomo tsiku la malipiro, alipo amene amayamba nsanje chifukwa mkazi akulankhula ndi makasitomala aamuna. Musanamizire kuti simukuona. Itanani abambo ndi achibale tsiku lotsegulira, adye, aone malo, amve kuti ndalama ikuchokera kuti. Mayi aliyense akhale ndi nambala yakeyake yolandirira malipiro, yachinsinsi chake. Mukaona zipsera kapena mayi akujomba mosadziwika bwino, mufunseni pambali, mofatsa. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja kuyambira 2006, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Ngati wavomera kupita, mmodzi wa inu amuperekeze.

Gulu likaima pa miyendo yake

Pakatha chaka mudzaona kuti amayi awiri kapena atatu aposa anzawo: amawerengera okha mitengo, makasitomala amawaitana ndi mayina. Ena mwa iwo adzafuna kuyamba zawo. Musawatseke, ndipo musawatenge ngati oukira. Gwirizanani dera loti akagulitsireko kuti musalimbirane anthu omwewo, abwerekeni poto ndi mbaula kuchokera ku thumba la gulu, abweze pang'onopang'ono. Malo omwe asiya alowepo amayi atsopano, ndipo owaphunzitsa akhale akale aja, molipidwa, kuyambira sabata ya ukhondo ija, ndowa ya mpopi ndi sopo zili pakhomo.